Mitengo Imaonda Masana



Ndiyamba ndi nkhani imene ena muiyesa nthabwala. Mtengo wa mango uli pabwalo panuwo, ngakhale wa bulugamu uli kumalire a mundawo, sukhala wonenepa chimodzimodzi tsiku lonse. M'bandakucha umakhala utakhuta, thunthu lili lofufuma. Dzuwa likamakwera umayamba kuphwa, ndipo ikamakwana 2 koloko masana umakhala utaonda. Kukada umayambanso kubwerera m'malo. Musavutike n'kutenga chingwe kuti mukayeze mawa, simukaona kanthu. Kusinthako n'kochepa ngati kuchindikala kwa tsitsi la m'mutu, mwina kupitirirapo pang'ono. Koma kulipo ndithu.

Chimachitika n'chiyani? Masamba ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Kukacha timatseguka kuti mtengo ukoke mpweya wopangira chakudya chake, koma pakhomo lomwelo m'pamene madzi amathawira. Madzi otuluka kumasambawo amakoka anzawo kuchokera kumizu, mzere umodzi wosaduka kuyambira pansi mpaka kunsonga. Dzuwa likafika paliwombo, mizu imalephera kutunga mofanana ndi mmene masamba akutayira. Pamenepo mtengo umakongola madzi kwa khungwa lake lomwe. Khungwa likabwereketsa limafota, thunthu n'kuonda. Usiku timabowo tija tikatseka, mizu imapitiriza kutunga, ngongole n'kubwezedwa. Mtengo wathanzi umadzuka m'mawa ulibe ngongole. Umene uli pamavuto umadzuka ya dzulo isanathe, n'kuwonjezerapo ya lero, mawa chimodzimodzi. Masamba amakhala akadali obiriwira, wodutsa m'njira n'kumati nkhalangoyi ili bwino, pamene m'katimo katapila wafika m'khosi.

Nkhani yathu lero ndi ya tizipangizo timene akatswiri amamangirira pamitengo ndi kukwirira m'nthaka kuti tizimva zinthu zoterezi n'kumatumiza uthenga popanda waya. Ambiri amangoti masensa. Kamodzi kamakhala kabokosi kakang'ono, kena ngati bokosi la machesi, kena ngati mtanda wa sopo. M'katimo muli kachinthu koyezera, kaya kutentha, kaya chinyontho, kaya utsi. Muli kakompyuta kochepa nzeru kuyerekeza ndi foni yanu. Muli kawailesi kotumiza mawu, ndi batire, nthawi zina ndi kasola pamwamba. Kabokosi kamodzi pakokha n'kopanda pake. Ntchito imaoneka tikakhala tambiri, titamwazikana m'nkhalango n'kumalankhulana.

Mmene timalankhuliranamo, kumbukirani tsiku la chitukuko pomanga sukulu, anthu atandanda kuyambira pa uvuni mpaka pa maziko, njerwa ikuyenda dzanja ndi dzanja. Palibe amene akuyenda mtunda wonse, koma njerwa ikufika. Kabokosi kali m'katikati mwa nkhalango kamapatsira uthenga mnzake wapafupi, uyo n'kupatsira wina, mpaka ukafike pa bokosi lalikulu limene limaikidwa pamsanje pa phiri kapena pansanja. Ilo ndiye limalumikizana ndi netiweki ya mafoni kapena setilaiti, uthenga n'kukagwera pa kompyuta ya munthu ali mu ofesi kutali. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Wina pamzerepo akafa, anzake amafunafuna njira ina yolambalala.

Mdani wamkulu wa tizipangizoti ndi njala ya moto wa batire, ndipo chimene chimadya moto kwambiri ndi kawailesi kaja. N'chifukwa chake timakhalira kugona. Kamadzuka kamphindi, kuyeza, kunong'oneza manambala angapo, n'kugonanso. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito luso lotchedwa LoRa, limene linayambira ku Grenoble m'dziko la France, kampani ya Semtech n'kuligula mu 2012. Lusoli silingatumize chithunzi kapena nyimbo, limanyamula timanambala tochepa chabe, koma limatifikitsa makilomita angapo pamoto wochepa zedi. Pamtetete ndiye limapita patali. M'nkhalango yowirira mtunda umafupika kwambiri, chifukwa masamba ndi mathunthu odzaza madzi amameza mafunde a wailesi, makamaka mvula ikangogwa kumene. Nkhalango yathanzi imene mukufuna kuiteteza ndi yomweyo imene imakutsekerezani mawu.

Tiyeni tipite ku California, m'dziko la United States, kumene ntchitoyi inayesedwa koyambirira pamtengo weniweni. Mu 2004 akatswiri a ku yunivesite ya California ku Berkeley, pamodzi ndi anzawo a kampani ya Intel, anasankha mtengo umodzi wa mtundu wa redwood m'dera la Sonoma. Kutalika kwake mamita 70. Utati ugwe chopingasa m'bwalo la mpira wa miyendo, nsonga yake ikanatulukira kunja kwa mzere wa tsidya linalo. Anaukwera n'kupachika tizipangizo 33, kuyambira cha pa mamita 15 kukafika kunsonga. Kwa masiku 44, kuchokera kumapeto a Epulo mpaka m'mwezi wa Juni, kalikonse kamadzuka pa mphindi zisanu zilizonse kuyeza kutentha, chinyezi cha mumpweya ndi kuwala kwa dzuwa.

Anapeza kuti mtengo umodziwo uli ndi nyengo zingapo pa ola limodzi. Kunsonga kukutentha ndi kuuma, m'munsi muli kachisisira ndi chinyontho, ndipo mpweya wozizira ukamabwera umaoneka m'manambala ukuyenda mumtengomo nthambi ndi nthambi. Munthu mmodzi wokwera ndi choyezera m'manja sakanaziona zimenezi, chifukwa pofika pamwamba, za pansi zimakhala zitasintha kale.

Koma chimene ine chimandigwira mtima pa kafukufuku ameneyu ndi kuona mtima kwa eni ake. Analemba poyera kuti pa manambala onse amene amayembekezera, anapeza magawo 49 okha pa 100 alionse. Theka linatayika. Tizipangizo tina tinasiya kulankhulana, tina malo osungira manambala anadzaza nthawi isanakwane. Ndipo panali chinanso choopsa kuposa kukhala chete. Batire likafooka, kachipangizo sikamangofa ulemu ayi, kamayamba kunama. Kamatha kunena kuti chinyezi chapitirira mlingo umene sungatheke n'komwe. Awa anali akatswiri amene anapanga okha zipangizozo, mtengo wake umodzi, dziko lake lolemera. Aliyense amene angabwere kudzatiuza kuti tingopachika mabokosi n'kumapita kukagona, tizimufunsa za mtengo wa ku Sonoma.

Zaka zadutsapo, zipangizo zakhwima. Amene apita nazo patali pa nkhani ya ludzu la mitengo ndi a ku Switzerland. Bungwe lawo lofufuza za nkhalango lotchedwa WSL lili ndi ntchito yotchedwa TreeNet, imene inayamba cha mu 2011, ndipo mmodzi mwa oitsogolera ndi Roman Zweifel. Pathunthu la mtengo amamangapo kachitsulo kokhala ndi kamsomali kongogunda khungwa. Thunthu likafufuma kamsomaliko kamakankhidwa, likaphwa kamalitsatira. Kamazindikira kusuntha kochepa ngati milimita imodzi mutaigawa ka 1,000. Pa mphindi 10 zilizonse uthenga umachoka m'nkhalango, ndipo ngongole ya madzi ija imaoneka pa mapu a dziko lonse, dera ndi dera.

Mu 2021 anatulutsa zimene anapeza pa mitengo 170 ya mitundu 7 m'malo 50, ina atailondola kwa zaka 8. Mitengo imakula usiku. Kukula kwenikweni kumachitika makamaka pakati pa usiku mpaka m'bandakucha, masana ayi. Chifukwa chake ndi ngongole yomwe ija. Maselo atsopano a thabwa amafunika kufufuma ndi madzi kuti atambasuke, ndiye mtengo umayamba wabweza zimene unakongola, zotsala ndiye zokulira. Amayi amene mumalimbana ndi ana kuti akagone msanga, mboni yanu ndi imeneyo. Anapezanso kuti ngakhale nthaka ikhale yonyowa, mpweya ukauma kwambiri kukula kumaima. Kafukufuku wina wa gulu lomweli anaonetsa kuti pachaka chonse mitengo ya kumeneko imakula masiku osakwana 80. Enawo imangokhala ikudikira. Ndiye ganizirani chaka chimene usiku wotentha ndi wouma wachuluka: masiku ochepa omwewo amadulidwanso.

Zimenezi zinaoneka mu 2018, pamene Ulaya anapsa ndi dzuwa ndi chilala. Zoyezera za m'maiko angapo zinasonyeza mitengo ikuonda kuposa zaka zina, ndipo ya masamba onga singano, abale ake a paini, ndiyo inkalephera kwambiri kubweza madzi usiku. Ku Germany tsoka linatsatira. Kuli mtengo wa matabwa wotchedwa spruce, umene anaubzala m'minda ikuluikulu ya mtundu umodzi. Kulinso kachilombo koboola khungwa, kokulirapo pang'ono kuposa nankafumbwe. Mtengo wokhuta madzi kachilomboka kakauboola, umakamiza mu utomoni. Mtengo waludzu ulibe utomoni wokwanira. Tizilombo timalowa, kuikira mazira, ana ake n'kumadya pansi pa khungwa mtengo ukadali wobiriwira. Pomwe masamba azifiira kuti munthu aone, timakhala titauluka kale kupita kwa wina. Bungwe la Germany loona za mlengalenga la DLR linawerengera kuti kuyambira Januwale 2018 kufika Epulo 2021 dzikolo linataya mitengo pa mahekitala pafupifupi 501,000. Nkhalango yathu yonse ya paini ya Chikangawa, pamene inali yodzaza, inali mahekitala 53,000. Ndiye kuti Chikangawa pafupifupi khumi m'zaka zitatu.

Ndinene mosabisa: masensa sanapulumutse nkhalango za ku Germany. Nkhalango sithiriridwa ndi kheni ngati dimba. Chimene amathandiza n'kudziwa msanga kuti mbali iti ikufooka, kuti odula akachotse mitengo yogwidwa tizilombo tisanauluke, kuti apatulire pamene mitengo yathithikana n'kumalimbirana madzi, ndiponso kuti podzabzalanso asabwereze mtundu womwewo pamalo pamene wakana.



Wina afunsa kuti nanga si kumwambaku kuli masetilaiti ojambula dziko lonse? Alipo, ndipo ntchito yawo ndi yaikulu. Setilaiti ya Landsat imadutsa pamalo amodzi pa masiku 16 alionse, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi chake ndi malo a mamita 30 mbali zonse. Kuyambira 2014, aliyense wokhala ndi intaneti akhoza kutsegula Global Forest Watch n'kuona pamene mitengo yatha. Koma setilaiti imaona denga la nkhalango, ndipo mitambo ikaphimba imabwerera chimanjamanja. Imadzakuuzani kuti apa panali mitengo, pano palibe. Umenewo ndi uthenga wa maliro. Kachipangizo kapathunthu kamakuuzani wodwala akadali pamphasa. Komanso kamangodziwa za mtengo wake umodziwo, pamene setilaiti ikuona chigawo chonse, n'chifukwa chake odziwa ntchito amaphatikiza ziwirizi.

Tizipangizo tina ndi mphuno. Ku Germany komweko kuli kampani ya Dryad Networks, imene inakhazikitsidwa mu 2020. Imapanga kabokosi kokhala ngati tsamba, kopachika pamtengo, konunkhiza mipweya imene imatuluka zinyalala zikamanyeka chamumtima malawi asanabuke. Kamadya dzuwa, ndipo mwadala sanaikemo batire la lithium longa la m'foni, poopa kuti chochenjeza za moto chingadzakhale choyatsira. Kale m'minda ya mitengo moto unkadziwika ndi munthu wokhala pansanja, kuyang'ana utsi. Utsi ukamaonekera pamwamba pa mitengo, pansi pamakhala patayaka kale. Mphunoyi cholinga chake n'kupeza moto ukadali woti anthu awiri akhoza kuuzima ndi nthambi zaziwisi.

Amene munadutsapo msewu wa M1 pakati pa Mzimba ndi Mzuzu m'mwezi wa Okutobala mukudziwa chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza. Paini wa ku Chikangawa, amene anabzalidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 kuti adzadyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, wakhala akupsa chilimwe ndi chilimwe. Koma tiwerengere. Eni kampani amati mphuno imodzi imanunkhiza mamita pafupifupi 100 kuzungulira, malinga ndi kolowera mphepo. Kuti mudzaze Chikangawa yense, mabokosi ake ndi masauzande ambirimbiri. Palibe angakwanitse, ndipo n'zosafunika. Moto wa kuno suchokera kumwamba kawirikawiri. Umayamba pamene pafika munthu: m'mbali mwa msewu, pamsasa wa ocheka matabwa, pamene anyamata amafukiza mbewa, pamalire ndi minda imene anthu akusosa. Nthawi zina umayatsidwa dala ndi munthu wokwiya. Mlonda aliyense amene wagwira ntchito kumeneko zaka zisanu akhoza kukulozerani malo amenewa ndi chala. Iyeyo ndiye woyenera kunena popachika mabokosi, asanalankhule wa kompyuta.

Tina ndi makutu. Mnyamata wina wa ku America, Topher White, anapita ku Borneo mu 2011 kukaona malo osungira anyani a mtundu wa gibbon. Iye mwini amasimba kuti tsiku lina akuyenda anangopezerera anthu akugwetsa mtengo ndi makina ochekera, mtunda wa mphindi zisanu zokha kuchokera pa nyumba ya alonda. Alondawo sankamva kanthu chifukwa cha phokoso la nyenje ndi mbalame. Atabwerera kwawo anatenga mafoni akale otayidwa, kuwamangira timasola, n'kuwaphunzitsa kusiyanitsa kulira kwa makina ochekera ndi phokoso lina lonse la m'nkhalango. Mu 2013 anakawapachika pamwamba pa mitengo ku Sumatra, m'dziko la Indonesia, ndipo pasanathe masiku angapo foni inaitana, alonda n'kukapeza odula ali pantchito. Bungwe lake, Rainforest Connection, linadzagwiranso ntchito ndi anthu a mtundu wa Tembé m'chigawo cha Pará ku Brazil, amene amalondera okha nkhalango ya makolo awo. Makutu omwewo amajambulanso kulira kwa mbalame ndi achule, ndipo mtundu wina ukaleka kumveka, akatswiri amadziwa kuti china chake chasokonekera.

Nkhani yokoma. Koma tiifunse funso lakwathu. Mitengo yambiri ya m'nkhalango zathu zachilengedwe imagwa ndi chiyani? Nkhwangwa ndi chikwanje. Makina ochekera amalira mosalekeza ndipo amamveka patali. Nkhwangwa imangoti go, go, n'kupuma, ndipo kuseri kwa chitunda simvekanso. Khutu lophunzitsidwa ku Sumatra likhoza kukhala m'nkhalango ya Dzalanyama mwezi wathunthu osamva kanthu, matumba a makala akutsika panjinga m'bandakucha uliwonse. Mwina kumeneko mphuno ingapose khutu, popeza uvuni wa makala umafuka masiku angapo usanaphulidwe. Koma nayonso iyenera kuphunzira utsi wa kuno: wa mombo, wa udzu wa tsekera, wa munthu amene akungowotcha chinangwa. Chipangizo chikaitana alonda katatu pachabe, kachinayi sapitanso.

Musaganize kuti zonsezi ndi za kunja kokha. Ku Liwonde National Park, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, gulu la ku Netherlands lotchedwa Smart Parks linaika netiweki ya LoRa mu 2018. Kumeneko cholinga ndi nyama, magalimoto a alonda ndi mpanda wamagetsi, mitengo ayi, koma luso lake ndi lomwelo. Mafunde amenewa akuyenda kale pakati pa mitengo ya tsanya m'mbali mwa Shire. Ndipo chimene chimapangitsa kuti Liwonde ipindule nazo n'choonekeratu: kuli chipinda chimene munthu amakhala maso usana ndi usiku, kuli alonda olipidwa, kuli galimoto yokhala ndi mafuta m'thanki. Uthenga ukafika, wina amanyamuka.

Apa ndiye pagona nkhani. Tiyerekeze kuti bokosi lanunkhiza utsi 2 koloko usiku pakati pa Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala oposa 90,000 imene imabereka mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, madzi ake n'kumatuluka m'mipopi ya mumzinda. Uthengawo ugwera pa foni ya ndani? Foniyo ili ndi moto? Mwini wake ali ndi njinga yamoto, kapena ayenda wapansi makilomita 20? Akakapeza anthu khumi ndi nkhwangwa zawo, iye ali yekha, atani? Boma linafika potumiza asilikali kumeneko mu 2015, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Zonsezo zikusonyeza kuti kumene kukuwotchedwa makala kunkadziwika kale. Mbaula za ku Area 25 ndi ku Kawale zikamayaka m'mawa uliwonse, wina ayenera kukadula mtengo, bokosi lilire lisalire.

Ndiye pali matope amene amabwera ndi mvula imene tailirira. Kasola kopachikidwa pamtengo m'dera limene anthu amayenda mtunda kukatchajitsa foni ndi chiyeso chachikulu. Anyani amasewera ndi chilichonse chonyezimira. Nyerere zimakonda kumanga m'mabokosi ofunda, chiswe chimakwera ndi dothi lake, mphezi imakonda nsanja. Thengo lathu limapsa pafupifupi chaka chilichonse, ndipo pulasitiki ndi lupsa sizigwirizana. Mtengo nawo ukamakula umameza waya womangira. Payenera kukhala munthu woyendera mabokosiwa ndi makwerero, kupukuta fumbi, kusintha ofa. Tonse tikudziwa mijigo imene inatsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, lero ili chilili chifukwa chosowa kamphira kamodzi.

Palinso nkhani imene sitiyenera kuilumpha. Khutu lopachikidwa m'nkhalango limamva aliyense: mayi wotola nkhuni, wofula njuchi, wozula bowa, sing'anga wokumba mizu, ngakhale anthu a kudambwe amene zochita zawo si za khutu la aliyense. Mawu amenewa akukasungidwa kuti, ndipo akuwamvera ndani? A Tembé aja anavomera zipangizozo chifukwa uthenga unkafika kwa iwo eni nkhalango. Kuno tili ndi nkhalango za m'midzi ndi makomiti ake oyang'anira zachilengedwe, pansi pa mafumu. Bokosi likabwera kudzera mwa iwo, n'kumauza iwo kuti moto wayamba kumtunda uko, adzaliteteza ngati mbuzi yawo. Likangotulukira pamtengo anthu osauzidwa, lidzatchedwa kazitape, ndipo mwana aliyense wa legeni adzadziwa chochita.

Mukandifunsa ine kumene ndingayambire, ndisiya kaye zogwira akuba. Ndibwerera ku ludzu lija.

Ndiyamba ndi mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984. Macheka, moto ndi nsabwe za mitengo zimene zinafika m'dziko muno cha mu 1986 zinaugwetsa mpaka kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Kuchokera nthawi imeneyo a Mulanje Mountain Conservation Trust, a bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba ndi anthu a m'midzi yozungulira phirilo akweza mbande zambirimbiri pamutu kukabzala pamwamba. Mbande ikafa, wobzala amadzapeza kamtengo kouma patapita miyezi. Yafa liti? Ndi chisanu cha Juni, kapena ndi dzuwa la Okutobala? Ndi dothi louma, kapena mpweya wouma ngati zija anapeza ku Switzerland? Tizipangizo tochepa tokwiriridwa pafupi ndi mizu, tina toyeza nkhungu ndi kuzizira m'zigwa zosiyanasiyana za paphiripo, tingaloze malo amene mbande imapirira ndi amene tikungotayako thukuta la anthu. Funso lomweli ndi la mitengo yonse imene timabzala dzinja lililonse kuyambira Disembala mpaka Epulo. Timawerenga yobzalidwa. Yopulumuka chilimwe choyamba ndiyo imapanga nkhalango.

Kenako ndipita kwa mombo ndi tsamba, mitengo ya thengo lathu lenileni. Mwaona zimene imachita mu Seputembala? Kunja kuli gwaa, fumbi lokhalokha, mvula yomaliza inagwa mu Epulo, koma iyo n'kutulutsa masamba atsopano ofiira ngati magazi, phiri lonse psuu, mvula ikadali milungu ingapo kutsogolo. Masetilaiti atsimikiza kuti zimenezi zimachitika m'chigawo chonse chino cha Africa, kuyambira Angola, kudutsa Zambia ndi kuno, mpaka Mozambique. Mtengo wotere ukutchova juga. Ukutsegula timabowo tatsopano totaya madzi pa nthawi imene madzi asowa kotheratu, podalira mizu yake yakuya ndi nkhokwe ya m'thunthu, ndi chikhulupiriro chakuti mvula ifika pa nthawi yake. Tsono masiku ano mvula ikumachedwa, Novembala n'kutha kumwamba kuli mbee. Ngongole ya mombo m'milungu imeneyo imafika pati? Manambala a spruce wa ku Ulaya sangatiyankhe. Ayenera kuchokera pathunthu la mombo weniweni.

Sizifuna mabokosi masauzande. Mitengo makumi awiri ku Dzalanyama, ina pachitunda ina m'mbali mwa dambo, makumi awiri ena ku Perekezi kapena ku Zomba, kamsomali pakhungwa lililonse, choyezera chinyontho m'nthaka, bokosi lalikulu limodzi paphiri. Ophunzira za nkhalango ku yunivesite ya Mzuzu, ku Bunda ndi ku koleji ya zankhalango ku Dedza alipo, ndipo ambiri a iwo kulumikiza tizipangizo totere sikungawatengere sabata. Chovuta ndi chaka chachitatu ndi chachinayi, alendo obweretsa thandizo atapita, pamene wina ayenera kupalasa njinga mu Okutobala, makwerero paphewa, kukasintha batire la mtengo nambala 14 lisanayambe kunama. Ndalama ya munthu ameneyo ilembedwe tsiku loyamba, pamzere woyamba, mabokosi asanagulidwe.